Funsani Mmisiri: kalavani yakale imayambidwira kunsi

Mwezi uno makalata ambiri amene ndalandira ndi okhudza kalavani, kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto kaja. Ndasankhapo asanu. Ine ndinakonzapo imodzi ya m'chaka cha 1972, ndekha, madzulo ndi masiku opuma, ndipo inanditengera miyezi 19. Zambiri zimene ndikuyankha pano ndinaziona ndi maso anga nditakanganula makoma ake.

Funso: Bambo, ine ndi amuna anga tagula kalavani ya m'zaka za m'ma 1970. Kunja ndi yosalala bwino, sinaphwanyike paliponse, moti ndagula kale penti ndi nsalu ya makatani. Chokhacho, ukaponda pafupi ndi chitseko pansi pamafewa, ndipo m'mawa ukangotsegula mumamveka fungo la chinyezi. Amuna anga akuti tingokhomerapo thabwa lina pamwamba n'kuyala kapeti. Ine mtima sukundilola. Tiyambire pati? — Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona. Penti ndi nsaluzo zisungeni kaye pamalo ouma, nthawi yake idzakwana. Bambo akunyumbawo muwauze mwaulemu kuti thabwa lokhomera pamwamba limangophimba chilonda, madzi amapitiriza ntchito yawo kunsi. Paja amati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kalavani yakale ndi momwemo, chifukwa aluminiyamu wakunjayo sawola, amangoonekabe bwino pamene mitengo ya mkati yatha kale.

Dziwani kaye mmene yanuyo anaimangira. Zambiri za zaka zimenezo, monga Sprite ya ku England kapena Shasta ya ku America, zili ndi mafupa a timitengo tocheka topyapyala, kunja anakuta ndi lata la aluminiyamu, mkati n'kuikamo pulayiwudi wa mamilimita 3 kapena 4 okha. Airstream, imene Wally Byam anayamba kupanga ku California m'zaka za m'ma 1930, thupi lake ndi la aluminiyamu wolumikizidwa ndi marivet ngati ndege, komabe pansi pake ndi pa thabwa, ndipo mpomwe imawolera. Eriba ya ku Germany mafupa ake ndi mapaipi achitsulo, choncho mdani wake wamkulu ndi dzimbiri. Boler ya ku Canada, imene inayamba mu 1968, ndi ya fibreglass, pulasitiki wolimbitsidwa ndi tiulusi ta galasi, zigawo ziwiri, chakumwamba ndi chakunsi. Mmene mwafotokozeramu, yanuyo ikuoneka kuti ndi ya mafupa a mitengo, ngati imene ndinali nayo ine.

Pofewa paja ndi pamene madzi athera ulendo wawo. Polowera pake n'kutheka kuti ndi kutali ndithu: m'mphepete mwa denga pamene malata amakumana, pa kazenera ka padenga kotulutsa mpweya, m'mafelemu a mazenera, kuseri kwa nyale zakunja, kapena pa sikuluwu imodzi yokha imene phula lake lotseka madzi linauma. Madziwo amatsetsereka mkati mwa khoma osaoneka, n'kukaima pansi penipeni pamene khoma lakhala pa thabwa.

Tsiku limene ndinatsegula yangayo sindiliiwala. Pansi pa zenera lakutsogolo panali kadontho kabulauni, kochepa kuposa chikhatho changa. Nditachotsa pulayiwudiyo ndinapeza mtengo wa pangodya uli bii, ndipo nditaugwira unanyenyeka m'manja ngati manyowa. Masikuluwu ndinkazula ndi zala, ena atadyeka ndi dzimbiri mpaka kutsala ngati singano. Ndinalondola kuwolako ndi tochi chokwera, ndipo ndinakapeza polowera madzi padenga, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pa kadontho kaja. Panali mng'alu wa phula woti chikhadabo chokha n'chimene chikanalowapo.

Inu chitani chonchi. Tengani tochi ndi sikuludiraiva, mulowe m'makabati onse, kunsi kwa mipando ndi m'ngodya zinayi zonse, muzibaya pang'onopang'ono. Mtengo wabwino umakana, wowola umalola chitsulo kulowa. Mukapeza kachipangizo koyezera chinyezi m'matabwa, kagwiritseni ntchito: kakamawerenga pansi pa 15 peresenti ndiye kuti mpouma, kakapitirira 20 pafunika kufufuza, kakafika 30 musakayike, tsegulani. Muziika chizindikiro cha choko paliponse pokayikitsa, ndipo mukamaliza mudzaona njira yonse imene madzi amadutsa.

Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni. Chilichonse chimene mwachotsa chilembeni, masikuluwu ake muike m'kathumba kolembedwa kumene achokera. Pakatha miyezi 6 simudzakumbukira kuti kachitsulo kopindika kaja kanali ka kuti. Matabwa owolawo musawataye msanga, chifukwa ndi amene mudzayezere atsopano, makamaka opindika a m'ngodya.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa: amakanganula makoma onse nthawi imodzi. Makoma a kalavani amaima pa thabwa lapansi, denga limaima pa makoma, ndipo makabati nawonso amathandiza kugwira. Mukachotsa zonse, thupi limapendekeka, kenaka chitseko sichitsekekanso. Ikani kalavani pamalo olimba, muichirikize ngodya zonse kuti ikhale yowongoka, denga mulichirikize ndi mitengo kuchokera mkati, n'kumakonza mbali imodzi mpaka ithe musanagwire ina. Podula mtengo wowola, pitirirani mpaka mufike pouma, muwonjezereponso kutalika kwa chikhatho. Watsopanoyo mulumikize ndi guluu wosaopa madzi pamodzi ndi masikuluwu. Thabwa lapansi likhale pulayiwudi wopirira madzi, wokhuthala mofanana ndi wakaleyo, ndipo m'mphepete mwake mupake mankhwala otseka chinyezi musanamuike, poti madzi amalowera m'mphepetemo.

Pansi pali chitsegukire choncho, mpata ndi womwewo woonera chasisi, zitsulo zakunsi zimene kalavani yonse yakhalapo. Kwechani ndi burashi ya waya, muzigogoda ndi hamala. Dzimbiri la pamwamba chabe limachoka, n'kupakapo penti woteteza. Koma chitsulo chikamasendeka mambamamba kapena kulira mogonthera, itanani wowotcherera wodziwa ntchito yake.

Chenjezo limodzi, Mayi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. Matailosi apulasitiki ndi guluu wa zaka zimenezo nthawi zina amakhala ndi asbestos, amene fumbi lake limawononga mapapo, ndipo penti wakale amatha kukhala ndi mtovu. Musakweche ndi sandipepa zili zouma. Nyowetsani, valani chotchinga mphuno ndi pakamwa chenicheni, ndipo ana asayandikire fumbilo.

Mukatseka polowera ponse, mmodzi akhale mkati ndi tochi, wina azithira madzi ndi paipi kunja, kuyambira m'munsi kukwera pang'onopang'ono mpaka padenga. Mukayambira padenga simudziwa pamene padontha. Mkati mukakhala mouma, katengeni penti uja.

Funso: Akulu, zenera la kalavani yanga limadontha. Ndathira silikoni kuzungulira felemu yonse kawiri konse, koma mvula ikagwa madzi akulowabe. Ndigule silikoni wamtundu wanji wamphamvu? — Mnyamata wongoyamba kumene

Yankho: Achimwene, musagulenso. Chimene chimatseka madzi pa zenera la kalavani chili kunsi kwa felemu, pakati pa felemuyo ndi lata. Silikoni wopaka pamwamba amamatuka pang'onopang'ono kalavani ikamagwedezeka pamsewu ndiponso aluminiyamu akamafutukuka ndi dzuwa, kenaka madzi amalowa kuseri kwake n'kusowa potulukira. Choipa china n'chakuti pamene padutsa silikoni, penti sagwira, ndipo ngakhale silikoni watsopano sagwira bwino pa wakale.

Masulani zenera lonse lituluke. Palani zonse zakale ndi chopalira cha pulasitiki kuti musakande lata, mupukute mpaka chala chisamaterere. Ikani tepi ya butyl, yonga phula lofewa losauma, kuzungulira kuseri kwa felemu, polumikiza pakhale m'munsi. Bwezerani zeneralo, muzimanga masikuluwu pang'onopang'ono mosinthanasinthana mbali mpaka phulalo litayamba kutuluka m'mphepete monse. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mangitsaninso pang'ono, kenaka dulani lotulukalo. Masikuluwu akhale osachita dzimbiri, ndipo iliyonse ilowe itadutsa m'phulamo, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali chinyezi, aluminiyamu ndi amene amadyeka. Sikuluwu ikamangozungulira osagwira, ndiye kuti mtengo wa mkatiwo wawola, ndipo yankho langa kwa Mayi a pamwambapa likukukhudzani nanunso.

Funso: Bambo, malume anga andipatsa kalavani imene yakhala pamalo amodzi zaka 11. Matayala ake akadali ndi mano abwino, angofunika kupopa. Ndikufuna kuikoka ndi galimoto yanga mtunda wa makilomita 300 kuti ndikaikonzere kwanga. Kodi pali choopsa? — Mdzukulu wamwayi

Yankho: Chilipo, bambo, ndipo ndikupemphani kuti musanyamuke mpaka mutachita zimene ndinene apa. Tayala la kalavani silifa ndi kutha mano, limafa ndi ukalamba. Raba amauma ndi dzuwa, amang'aluka m'mbali ndi pakati pa mano, ndipo likatentha pamsewu limaphulika. Yang'anani m'mbali mwa tayala pamene palembedwa DOT. Manambala 4 omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2312 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2012. Mukapeza manambala 3 okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike. Pa kalavani, tayala lopitirira zaka 5 mpaka 7 limasinthidwa ngakhale lioneke latsopano. Anuwo ali ndi zaka zosachepera 11. Gulani ena, pamodzi ndi lapadera, ndipo muone kuti nambala ya katundu amene angasenze ikukwanira kulemera kwa kalavaniyo.

Mukachotsa matayala, tsegulani mahabu, zitsulo zapakati zimene magudumu amamangiriridwapo. Girisi wa zaka 11 amakhala atauma ngati sera. Tsukani mabeyaring'i, muwayang'ane pakuwala. Akakhala ndi timaenje kapena atasintha mtundu n'kukhala abuluu ndi kutentha, sinthani. Ikani girisi watsopano ndi masilo atsopano otseka girisiyo. Mabuleki a kalavani yokhalitsa nthawi zambiri amakhala atagwirana ndi dzimbiri, choncho tembenuzani gudumu ndi dzanja mumve ngati likuyenda momasuka.

Cholumikizira kalavani ku galimoto chiyezeni, musangochiyang'ana. Za ku Ulaya zimalowa pa mpira wachitsulo wa kumbuyo kwa galimoto wa mamilimita 50, pamene zambiri za ku America n'za mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8, ndipo zina zazing'ono n'zocheperapo. Kusiyanako ndi maso simungakuone, koma pa bampu kalavani ikhoza kuvuka. Unyolo kapena waya wachitetezo ukhalepo, nyale za mabuleki ndi zokhotera ziziyaka.

Chotsatira ndi kulemera kwa kutsogolo, kumene kumatsamira pa galimoto. Ku Ulaya amalangiza 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani yonse, ku America 10 mpaka 15. Kalavani ya makilogalamu 800, pa 7 peresenti, iyenera kutsamira ndi makilogalamu 56. Mukhoza kuyeza ndi sikelo yoyezera anthu, mutaimika kamtengo pakati pa sikeloyo ndi cholumikizira. Kumbuyo kukalemera kuposa kutsogolo, kalavani imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, ndipo liwiro likamakwera kugwedezako kumakula. Zikakuchitikirani, chotsani phazi pa mafuta, chiwongolero chigwireni mowongoka, musaponde buleki mwadzidzidzi. Mukayenda makilomita 20 oyamba imani, mugwire mahabu ndi dzanja mosamala. Kufunda n'kwabwino, kuotcha ayi. Muonenso manati a magudumu.

Ngati mwakwawira kunsi n'kupeza chasisi yadyeka, makamaka pa zitsulo ziwiri zokumana kutsogolo zija, musaikoke n'komwe. Ikwezeni pa lole.

Funso: Bambo, kalavani yanga ili ndi chitofu cha gasi, firiji ndi mawaya akalekale. Ine ndimadziwako zamagetsi pang'ono. Kodi ndingakonze ndekha zonsezi? — Mphunzitsi wokonda ntchito zamanja

Yankho: Aphunzitsi, zina mungathe, zina ndikukanizani.

Magetsi a batire, a mavoti 12, mukhoza kuyala nokha. Mawaya akalewo chotsani onse, poti chikopa chake chimakhala chitauma ndipo mbewa zimakhala zitadyako mobisika. Gwiritsani ntchito waya wofewa wa tinsinga tambiri, chifukwa waya wa nsinga imodzi wa m'nyumba umathyoka ndi kugwedezeka. Musapeputse mavoti 12. Chipangizo cha mawati 60 chimakoka ma amp 5 pa batire, pamene pa magetsi a mavoti 230 sichifika ngakhale theka la amp imodzi. N'chifukwa chake waya wa batire amafunika wonenepa, ndipo fyuzi yaikulu iyenera kukhala pafupi penipeni ndi batire. Paliponse pamene waya akudutsa pa chitsulo, ikani kamphete ka raba. Nyale zonse sinthani zikhale za LED, batire lidzakhalitsa.

Magetsi akuluakulu olumikiza kuchokera kunja ndi nkhani ina. Kalavani ndi bokosi lachitsulo loima pa matayala a raba. Waya wamoto akakhudza thupi lake popanda waya wa earth, wothawitsira magetsi m'nthaka, munthu woyamba kugwira chitseko ataponda pansi ndi amene magetsi amadutsamo, ndipo kawirikawiri amakhala mwana wopanda nsapato. Pamafunika chodulira magetsi cha RCD cha 30 mA ndi earth yolumikizidwa bwino ku chasisi. Izi achite ndi kuyeza munthu wa satifiketi.

Gasi nayenso chimodzimodzi. Gasi wa m'masilinda amalemera kuposa mpweya, ndiye akatuluka amatsikira pansi n'kudikira moto. Timabowo timene mudzapeze pansi pa chitofu ndi m'bokosi la silinda ndi totulutsira gasi ameneyu. Ndaonapo anthu akutitseka poopa fumbi ndi tizilombo. Inu musatero, ikanipo kasefa ka waya basi. Paipi ya raba yopitirira zaka 5 isinthidwe, regyuleta yakale ichoke. Pofufuza potuluka gasi pakani thovu la sopo, machesi ayi. Lawi labwino ndi labuluu. Likamayaka lachikasu ndiye kuti gasi sakupsa bwino, ndipo pamatuluka mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha, suoneka, koma umapha anthu ali m'tulo. M'kachipinda kakang'ono ngati kalavani umadzaza msanga. Ikani alamu yake, ndipo chitofu musachigwiritse ntchito pofunditsa m'kalavani usiku. Firiji ya gasi imafuna kalavani itaima mowongoka kuti izizire, ndipo utsi wake uyenera kutulukira panja.

Funso: Anzanga, ine ndine kalipentala wopuma ntchito. Ndikufuna kuchotsa timakabati topepuka ta mkati mwa kalavani yanga, ndiikemo makabati enieni a matabwa olimba, pansi ndiyale matailosi a dothi. Timatabwa ta mafakitaleti sitindisangalatsa. Mukuti bwanji? — Kalipentala wa zaka 40 pa ntchito

Yankho: Bambo, luso lanu ndikulilemekeza, ndipo pa kalavani lidzakuthandizani kuposa ambiri a ife. Koma timakabati timene mukutipeputsato tinapangidwa dala choncho. Tsegulani kamodzi muone: kafelemu ka timitengo, pamwamba pulayiwudi wopyapyala, ndipo kamangiriridwa ku khoma, pansi, nthawi zina mpaka kudenga. Kabati yaitali ya zovala ija ndi mzati wogwira denga ndi khoma pamodzi. Mukaichotsa, ikani china chogwira ntchito yomweyo pamalo omwewo.

Pafupi ndi chitseko kapena pa chitsulo chakutsogolo pamakhala kachitsulo kolembedwa kulemera kumene kalavaniyo siyenera kupitirira. Pa makalavani ang'onoang'ono akale, mpata wa katundu umakhala wochepa kwambiri. Pulayiwudi mmodzi wa mamilimita 18, wa mamita 2.44 kwa 1.22, amalemera pafupifupi makilogalamu 30, pamene wa mamilimita 4 ndi pafupifupi 7. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Onjezani batire, silinda, zofunda ndi ziwiya, muona kuti mpata uja watha makabati anu asanalowe. Matailosi a dothi asiyeni. Kuwonjezera pa kulemera, pansi pa kalavani pamapindika pamsewu ndipo amasweka.

Matabwa anu olimbawo ndikanakonda muwasungire malo amene dzanja limagwira tsiku ndi tsiku: m'mphepete mwa tebulo, zogwirira, timafelemu ta zitseko. Mu yangayo ndinasiya zitseko zonse zakale, ndinangozikwecha pang'ono ndi dzanja n'kupaka vanishi, ndipo mizere ya mtengo imene inabisika ndi litsiro la zaka zambiri inatulukanso. Zotsekera zake zachitsulo ndinaziviika m'mafuta usiku umodzi, ndipo mpaka lero zimatseka ndi kaphokoso kake komweko. Chitseko chilichonse chikhale ndi chotsekera chogwira zolimba, poti maginito okha amalekerera pa bampu. Zolemera zonse zikhale m'munsi, pafupi ndi ekiselo.

Musanachotse kanthu, pitani nayo pa sikelo ya magalimoto mulembe kulemera kwake. Chilichonse chotuluka muzichiyeza, cholowa muzichiyezanso, manambalawo muzilemba m'kabuku. Mukamaliza mukaiyezetsenso, ndipo mudzandilembere kuti manambala awiriwo asiyana bwanji.